Ku Seki, kumene lupanga loyamba limakhala lobuntha

Kuchokera ku Nagoya, mzinda wa ku Japan, mumakwera sitima zitatu: ya JR mpaka ku Gifu, ina ya pa njanji ya Takayama mpaka ku Mino-Ota, kenako kasitima ka Nagaragawa komwe kamakutsitsani ku Seki. Ndi tauni yachete, koma yakhala ikusula malupanga kwa zaka mazana ambiri, ndipo dzina la Magoroku Kanemoto, wosula malupanga wakalekale, likutchulidwabe. Ku Seki Kaji Denshokan, nyumba yosungirako mbiri ya osula, amaonetsa mmene chitsulo amachipindira ndi kuchisula. Mwezi wa Okutobala kumakhala chikondwerero cha mipeni, misewu imadzaza ndi ogulitsa.

Ngati mwabwera kudzafuna lupanga loyamba lophunzirira iaido, luso la ku Japan losolola lupanga ndi kudula nalo, la osulawo si lanu ayi. Lamulo la ku Japan la 1958 limafuna kuti lupanga lakuthwa likhale ndi chiphaso chake, wosula saloledwa kupitirira malupanga aatali awiri pamwezi, ndipo kulitulutsa m'dziko kumafuna chilolezo china chodikirira masabata. Mtengo wake nawo ndi wosayamba. Chimene wophunzira amagula ndi iaito: lupanga losanola, la zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, lokutidwa kunja kuti liwale. Maginito saligwira. Limapangidwa konkuno ku Gifu, ndipo mayina a opanga ngati Nosyudo ndi Minosaka ndi odziwika kwa anthu a masewerawa. Wongoyamba kumene angathe miyezi ingapo ndi bokuto, lupanga la mtengo, ndalama zili m'thumba.

Musanalowe m'sitolo funsani sensei, mphunzitsi wanu, za kutalika kwa lupanga, chifukwa masukulu amasiyana. Amayeza mu shaku, ndipo shaku imodzi ndi masentimita 30.3. Munthu wa msinkhu wa masentimita 170 nthawi zambiri amatenga shaku 2.40 kapena 2.45, ndiye kuti masentimita 73 kapena 74. Kuyesa kwachangu nkwakuti muligwire ndi dzanja limodzi pafupi ndi tsuba, chitsulo choteteza dzanja cha pakati pa chigwiriro ndi mpeni, mkono ulendewere. Nsonga ikhale pamwamba pang'ono pa nthaka. Likatalika kwambiri mumalisolola mokakamiza, ndipo limang'amba kukamwa kwa chimake. Likafupika, mumazolowera ulesi wosakoka chimake ndi dzanja lamanzere. Za kulemera, pakati pa magalamu 750 ndi 850 popanda chimake nkokwanira. Lolemera limaoneka lachamuna m'sitolo, koma mukalikupiza kambirimbiri chigongono chimayamba kudandaula.

Ndalama zanu zipite pa chigwiriro, chomwe amati tsuka. Kanikizani chingwe chokulungacho ndi chala chachikulu: chikasuntha, lisiyeni. Timabowo ta pakati pa chingwe tikhale tofanana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Chingwe cha thonje ndi chotsika mtengo, chimamwa thukuta, ndipo kwa wophunzira chimaposa cha silika. Kenako gwedezani lupangalo pang'ono pafupi ndi khutu. Phokoso lililonse likutanthauza kuti tsuba kapena timawashala ta seppa takhwepa.

Onaninso mekugi, kachikhomo kamene kamadutsa m'chigwiriro ndi m'tsinde la lupanga. Kakhale ka nsungwi. Nsungwi ikatopa imaphwanyika pang'onopang'ono ikugwirabe, pomwe mtengo wamba umangothyoka, mpeni wonse nkuuluka m'chipinda muli anthu. Nchifukwa chake malupanga okongoletsera a m'masitolo a alendo, ngakhale atchipe bwanji, si ophunzirira: tsinde lake ndi lalifupi kapena ndi kawaya kowotcherera, chigwiriro nthawi zina ndi pulasitiki.

Sankhani lokhala ndi kangalande m'mbali, kotchedwa hi. Kamachepetsa kulemera, komanso kamaimba likhweru mukadula mowongoka. Likhwerulo likasowa, mwapotoza dzanja. Zojambula za pa tsuba ndi mizere yonga mafunde ya pa mpeni ndi zokometsera chabe, chifukwa pa iaito mizereyo amangoilemba pamwamba. Apa ndi pomwe mtengo umakwerera pachabe.

Lowetsani lupanga m'chimake, mulozetse chigwiriro pansi mutatchinjiriza dzanja. Lisagwe lokha, koma lituluke mukakankha tsuba ndi chala chachikulu. Kukamwa kwa chimake kumakula ndi nthawi. Amamatamo kachidutswa kopyapyala ka mtengo, osati tepi.

Iaito sadulira kanthu ndipo samenyanitsa ndi lina, chifukwa chitsulo chake chimathyoka. Ufa wopukutira malupanga enieni, uchiko, umakanda chokutira chija; kansalu kofewa ndi kadontho ka choji, mafuta opaka malupanga, nzokwanira.

La m'shelefu mumanyamuka nalo tsiku lomwelo, la oda limatenga masabata, ena miyezi. Pobwerera lisaonekere m'sitima: likhale m'thumba lake lomanga. Pa ndege limapita m'katundu wa pansi, risiti yonena kuti ndi losanola ili pafupi, ndipo malamulo a kasitomu a dziko lomwe mukupita muwafunse musanalipire.