Galu akhale galu: zomwe ndatola pophunzira kamangidwe ka cozy mystery

Nkhani zimene a ku Britain ndi ku America amazitcha cozy mystery zili ndi malire odziwika bwino. Munthu amaphedwa ndithu, koma wowerenga saona magazi. Kutukwana kulibe, za kuchipinda kulibe, ndipo wofufuza si wapolisi. Kawirikawiri amakhala mayi wamba wa m'mudzi momwemo, wopuma pa ntchito kapena wokhala ndi kashopu kake. Gwero lake ambiri amaloza kwa Miss Marple, mayi wofufuza wa m'mabuku a Agatha Christie, wa m'mudzi wongopeka wa St Mary Mead, amene buku loyamba lonena za iye linatuluka mu 1930. Olemba a pambuyo pake anawonjezera chiweto, ena mphaka, ena galu. Kwa ine galu ndiye woyenera kumuphunzira, chifukwa amagwira ntchito yeniyeni m'nkhani, pamene mphaka nthawi zambiri amangokongoletsa chikuto cha buku.

Ntchito zake ndi ziwiri. Amamufikitsa mbuye wake pamalo pomwe sakanafika, ndipo amachita kanthu kena kamene mbuyeyo ayenera kukamasulira ndi nzeru zake. Akapitirira apa n'kuyamba kuganiza ngati munthu, nkhani yawonongeka.

Tiyambe ndi vuto la mayi wofufuzayo. Alibe mphamvu yofunsa munthu mafunso, alibe chilolezo cholowera m'nyumba ya wina, ndipo zotsatira za kupima mtembo sangazione. Ku England imfa yokayikitsa imapita kwa coroner, mkulu wofufuza chomwe chapha munthu, ndipo apolisi akamafufuza mlandu wakupha sauza anthu wamba zomwe apeza. Olemba ongoyamba kumene amathawa vutoli pomupatsa mayiyo chibwenzi cha wapolisi woulula chilichonse. Kamodzi zimatheka, koma wapolisi woulula zinsinsi za ntchito m'chaputala chilichonse palibe wowerenga angamukhulupirire. Galu amathetsa vutoli mosavuta. Amafunika kuyendetsedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, nthawi yofananafanana. Midzi ya ku England ili ndi tinjira tovomerezeka ndi lamulo, totchedwa public footpath, todutsa m'minda ya anthu, kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mwa manda a patchalitchi. Mayi woyenda yekha kuseri kwa nyumba ya mnzake 6 koloko m'mawa anthu amamudabwa. Mayi wogwira chingwe cha galu palibe amamuyang'ana kawiri. Komanso anthu amene sangaime kucheza ndi munthu amaima kusisita galu, ndipo pakamwa pamatseguka pomwepo. Eni agalu anzake ndi mboni zabwino za nthawi: amadziwa kuti galimoto yakuti inali pachipata chakuti asanafike pamlatho, chifukwa amadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku.

Pachifukwa ichi, mapu a mudzi ajambulidwe nkhani isanayambe kulembedwa. Pakhale tchalitchi ndi nyumba ya m'busa, pub (bala ya m'mudzi), shopu yokhala ndi positi ofesi, holo ya mudzi, ndi njira ziwiri kapena zitatu zoyendetsera galu, iliyonse yolembedwa mphindi zake. Njira ya kumtsinje ikakhala ya mphindi 40 m'chaputala 2, isadzakhale ya mphindi 10 m'chaputala 18 chifukwa wolemba wapanikizika. Owerenga nkhani zamtunduwu amawerengera.

Zina zonse za kamangidwe n'zachizolowezi ndipo sindichedwapo. Buku limakhala la mawu apakati pa 60,000 ndi 80,000, mtembo umapezeka machaputala atatu oyambirira asanathe, oganiziridwa amakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi. Aliyense akhale ndi chifukwa chodana ndi womwalirayo, komanso chinsinsi china chosakhudzana ndi imfayo chomwe chikumunamitsa. Popanda chinsinsi chachiwiricho, wonama amakhala mmodzi yekha ndipo wowerenga amamugwira msanga.

Pomwe pali phunziro lalikulu ndi pa umboni wobwera ndi galu. Mu 1929 wolemba wa ku England Ronald Knox anasindikiza malamulo khumi a nkhani zofufuza, ndipo awiri mwa iwo amamukhudza galu mwachindunji: wofufuza asathandizidwe ndi mwayi kapena ndi kungomva mumtima kopanda chifukwa, ndipo chizindikiro chilichonse chimene wapeza achionetse kwa wowerenga. Galu amene wangotulukira kutchire atanyamula mpeni wophera munthu ndi mwayi wovala ubweya. Galu amene amangouwa wakuphayo kuyambira tsamba loyamba ndi kumva mumtima komweko, kongosamutsidwira pa chiweto. Chachiwirichi n'chofala kwambiri, ndipo chimalakwika pawiri. Wowerenga wozolowera amadziwiratu yankho. Komanso galu sadziwa munthu wabwino ndi woipa. Amauwa munthu chifukwa cha chipewa, ndodo, kayendedwe, fungo la galu wina, kapena chifukwa munthuyo anamupondapo phazi. Ngakhale nkhope ija ya galu yooneka ngati yovomera kulakwa, kafukufuku wa Alexandra Horowitz wa mu 2009 anaonetsa kuti galu amaionetsa kwambiri akamadzudzulidwa ndi mbuye wake, kaya walakwa kaya sanalakwe.

Chitsanzo chakale chogwiritsa ntchito galu moyenera ndi nkhani ya Sherlock Holmes yotchedwa Silver Blaze, ya mu 1892. Galu wa kukhola la mahatchi sanauwe usiku umene hatchi inatengedwa, kusonyeza kuti wolowayo anali munthu womudziwa. Galuyo sanafufuze kalikonse. Anangochita za ugalu, ndipo nzeru yomasulira inali ya munthu. Christie naye mu Dumb Witness ya mu 1937 anatembenuza njira yomweyo: mayi wachikulire wagwa pamasitepe, aliyense akuti ndi mpira wa galu Bob, koma wina anangogwiritsa ntchito chizolowezi cha galuyo kubisa msampha wake. M'nkhani zonse ziwiri maziko ndi chizolowezi cha galu chimene wowerenga akuchidziwa kale.

Tsono dongosolo lake ndi ili. Chizolowezi chionetsedwe poyamba pomwe palibe amene akuchiganizira. Kenako chisokonekere, kapena chichitike pamalo osayenera. Pomaliza mayiyo azindikire tanthauzo lake. Tiyese ndi chitsanzo chongopeka. Mayi wosunga ndalama za tchalitchi wapezeka atafa, ndipo mnzake, mphunzitsi wopuma pa ntchito, watenga galu wa womwalirayo kuti azimusunga. M'chaputala 3, pakati pa nthabwala za galu wokana kugona pamphasa yake yatsopano, tikuona kuti womwalirayo anamuphunzitsa kanthu: mlendo wozolowera akalowa kukhitchini, galu amathamangira pomwe pamakhala chitini cha mabisiketi, n'kukhala pansi, n'kukweza phazi lakumanzere. Amachitira anthu atatu okha amene ankabwera kawirikawiri ndi kumupatsa bisiketi. Kwa alendo ena amabisala pansi pa tebulo. M'chaputala 10 bambo wina wogulitsa zinthu zakale, amene wauza aliyense kuti womwalirayo ankangomuona patali kutchalitchi, walowa kukhitchini kwa mphunzitsiyo kudzabwereka makwerero. Galu wakhala pansi, wakweza phazi. Apa mpomwe luso likufunika: chizindikirocho chioneke, koma chiphimbidwe nthawi yomweyo ndi tanthauzo lina. Bamboyo aseke n'kunena kuti wachokera kubutchala ndipo m'thumba muli soseji, ketulo iwire, foni ilire ndi uthenga woti apolisi amanga munthu wina. Wowerenga waona zonse, koma maso ake apita kufoni. M'chaputala 20 galu achitenso zomwezo kwa mlongo wake wa womwalirayo, amene alibe soseji iliyonse, ndipo mphunzitsi uja aime ndi kapu m'manja.

Onani kuti galuyo sanauwe wakuphayo, anamukondwerera. Ndipo phazi lokwezedwalo si umboni wa kukhoti. Limangoonetsa kuti bamboyo ananama pa chinthu chimodzi. Mayiyo akufunikabe kupeza chifukwa chomwe ananamira, mwina m'mabuku a ndalama za tchalitchi, mwina pa makandulo asiliva amene anasowa n'kubwereranso ali ena. Ndaona kuti zikwana kuti galu abweretse zizindikiro ziwiri kapena zitatu m'buku lonse, ndipo chimodzi chikhale chosocheretsa. Zikachuluka, mayiyo amasanduka wongogwira chingwe.

Mtundu wa galu usankhidwe molingana ndi ntchito yomwe akagwire. Terrier amakumba ndipo amalowa m'mauna. Labrador ndi spaniel amatola zinthu n'kubweretsa, ndiye nsapato kapena golovesi m'kamwa mwawo sizidabwitsa. Beagle amatsata fungo osamva kuitana. Border collie amalondola chilichonse choyenda, greyhound amathamangira chomwe waona, dachshund anawetedwa kuti azilowa m'mauna a nyama yotchedwa badger. Greyhound wokumba munda wa maluwa mpaka kufukula bokosi amamukayikira aliyense woweta agalu, ndipo ogula mabuku amenewa ambiri ndi oweta agalu. Mphuno ya galu ndi yamphamvu zedi: timaselo tomvera fungo timatha kufika 300 miliyoni pamene munthu ali ndi pafupifupi 6 miliyoni. Koma mphamvu ya mphuno si maphunziro. Galu wa panyumba wosaphunzitsidwa sanganunkhize mpango n'kutsata mwini wake mtunda wautali patapita masiku atatu a mvula. Angathe kukakamira pamalo pomwe pakwiriridwa chinthu chonunkha, angazindikire fungo la munthu womuzolowera pa chovala. Pa maso, galu amasiyanitsa bwino buluu ndi chikasu koma chofiira ndi chobiriwira amazisokoneza, choncho chizindikiro chodalira kuti galu amadana ndi jekete lofiira chilibe maziko.

Malamulo a dzikolo nawonso amalowa m'nkhani. Kuyambira mu April 2016 galu aliyense ku England ayenera kukhala ndi kachipangizo ka microchip pansi pa khungu, kokhala ndi nambala yodziwira mwini wake, ndipo dokotala wa ziweto amakawerenga m'kanthawi kochepa. Nkhani yodalira galu wosochera wosadziwika mwini wake iyenera kuchitika chaka chimenecho chisanafike, kapena ifotokoze kuti zolembedwa pa nambala ya kachipangizoko ndi za mwini wakale, zomwe zingakhale chizindikiro pazokha. Palinso lamulo la mu 1953 loteteza ziweto ku agalu, lomwe limaika mlandu pa mwini galu wothamangitsa nkhosa. Mayi wathu akamasula chingwe pakati pa nkhosa kuti galu akafufuze, mlimi wokwiya atulukire. Kukwiyako n'kothandiza, chifukwa mlimi wokalipa amatchula ena onse amene wawaona akudutsa m'munda mwake sabata imeneyo.

Chiphe ndi njira yokondedwa m'nkhanizi chifukwa sichifuna mphamvu ndipo sichionetsa magazi. Minda ya ku England ili nazo zokwanira: duwa la foxglove limene limasokoneza kagundidwe ka mtima, ndi mtengo wa yew womera m'manda ambiri a patchalitchi. Koma pali lamulo limene olemba ndi owerenga amagwirizana: galu safa. Aphedwe m'busa, aphedwe mwini pub, owerenga apitiriza. Galu akafa, buku lotsatira saligula. Angadwale n'kuchira, basi. Apa pali msampha wina umene ungasanduke chida. Chokoleti, mphesa zouma, anyezi ndi xylitol, chotsekemeretsa chopezeka m'machingamu ena, zonsezi n'zoopsa kwa galu. Wolemba wosadziwa amamudyetsa galu keke ya zipatso patebulo la tiyi ngati chinthu chosangalatsa. Wolemba wodziwa amalola galu kuba chidutswa cha keke yomwe womwalirayo anadya, galu adwale, mudzi wonse unene kuti chiphe chinali m'kekemo ndipo wophika amangidwe. Dokotala wa ziweto ndiye adzanene mosaganizira kuti mphesa zouma zokha zikanamudwalitsa galuyo. Keke inalibe kanthu, ndipo funso la komwe chiphe chinadzera latsegukanso pakati pa buku, pamene nkhani zambiri zimafooka.

Cholakwa china n'chopepuka koma chofala: kumuiwala galu. Mayi wachoka m'mawa, wapita kutauni, wadya kwa mnzake, wabisala m'holo mpaka pakati pa usiku, ndipo galu sakutchulidwa. Mabungwe osamalira ziweto ku Britain amalangiza kuti galu asasiyidwe yekha kupitirira maola anayi, ndipo owerenga amadziwa zimenezi. Mankhwala ake ndi tebulo la zochitika lokhala ndi mizere inayi: tsiku ndi nthawi, malo, chomwe mayiyo waphunzira, ndi komwe galu ali. Mzere wachinayiwo umabala zinthu zosayembekezeka. Womusungira galu amakhala munthu wofunika m'nkhani, ndipo malo oletsa agalu amamukakamiza mayiyo kulowa yekha pomwe pali ngozi.

Pachimake, mayiyo akakumana ndi wakuphayo maso ndi maso, galu wamng'ono wa panyumba asasanduke galu wa apolisi wogwetsa munthu pansi. Achite zomwe wakhala akuchita kuyambira pachiyambi. Ngati ndi wothawira ku pub komwe amapatsidwa zotsala, athawire komweko akukoka chingwe chopanda munthu, ndipo mwini pub amene wamuonapo kangapo akubwera ndi mbuye wake adabwe n'kutuluka ndi tochi. Kuti zimenezi zigwire, kuthawira ku pub kuja kuoneke kawiri m'machaputala oyambirira ngati khalidwe lotopetsa limene mayiyo akulephera kulithetsa, ndipo mtunda wochokera pamalo a ngoziyo kukafika ku pub ugwirizane ndi mapu aja.