Matati a anyezi ndi tchizi a ku Chilomoni: mmene tinayambira

Ine ndi mng'ono wanga timaphika matati a anyezi ndi tchizi kunyumba kwathu ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Tati ndi payi wosavundikira: pansi pake pamakhala puff pastry, ufa wokanda uja umafufuma n'kumayoyoka ukauluma, ndipo pamwamba timaikapo anyezi wophika ndi tchizi. Shopu tilibe. Maoda amabwera pa WhatsApp, ambiri ochokera kumaofesi a m'tauni akakhala ndi msonkhano, enanso ndi a mabridal shower ndi maphwando a tsiku lobadwa.

Luso limeneli ndi la bambo athu. Iwo anagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri panyumba ya bwana wa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, monga ankachitira amuna ambiri a msinkhu wawo. Ankadziwa kuphika mapayi, masikono ndi mapudini, koma kwathu sitinkazilawa zimenezi, chifukwa batala sanali wa m'nyumba ngati yathu. Atapuma pantchito n'kudzakhala nafe, anapeza tikukambirana zoyamba kugulitsa samusa. Anatiseka. "Ana inu, samusa ali pakona iliyonse, mandasi nawonso. Mukapikisana ndi ndani, mayi amene akukazinga pamsika kuyambira musanabadwe?" Tsiku lomwelo anatituma kukagula ufa wa tirigu ndi batala. Mpamba woyambira tinabwereka ku banki m'khonde, ndipo ndalama yambiri inathera pa uvuni ya gasi.

Ntchito yeniyeni ili pa ufa. Pa magalamu 500 a ufa wa tirigu timathira mchere supuni ziwiri zazing'ono ndi madzi ozizira kwambiri okwana mamililita 250, n'kukanda pang'ono chabe. Osaukanda mpaka thukuta ngati wa buledi, chifukwa ukatero umalimba ndipo umabwerera ukamautambasula. Kenaka timatenga batala wozizira magalamu 400, n'kumumenya mpaka aphwatalale, n'kumukulunga mkati mwa ufawo. Timautambasula kuti utalike, n'kuupinda patatu ngati kalata yolowa mu envulopu, n'kuubwezera mu firiji. Pakapita mphindi 30 timautulutsa, kuutembenuza, kuutambasulanso, kupindanso patatu. Bambo ankati kupinda kuzikwana kasanu n'kamodzi, ndipo ife sitinachepetse. Mukawerenga bwino, kupinda patatu kasanu n'kamodzi kumapereka timizere ta batala 729, tilitonse tolekanitsidwa ndi ufa wopyapyala kuposa pepala.

Yisiti mulibe, soda mulibe. Chimene chimafufumitsa ndi nthunzi. Batala ali ndi madzi pafupifupi 16 peresenti, ndipo mu uvuni yotentha madigiri 200 madziwo, pamodzi ndi a mu ufa, amasanduka nthunzi imene imakankha timizere ta ufa m'mwamba, pamene mafuta akukazinga timizereto kuti tiume tisanagwe. N'chifukwa chake batala sayenera kusungunuka ufa usanalowe mu uvuni. Akangosungunukira patebulo amalowerera mu ufa, timizere tonse n'kutha, ndipo chotuluka mu uvuni chimakhala cholimba ndi chamafuta, chosayenera kupatsa munthu amene walipira.

Apa ndiye pamene nyengo ya kuno imatilamulira. Batala amayamba kusungunuka kutentha kukangopitirira pang'ono madigiri 30, ndipo mu Okutobala ndi Novembala masana a ku Blantyre amafika pamenepo mosavuta. Miyezi imeneyi timadzuka 4 koloko m'bandakucha, ndipo dzuwa likamakwera timakhala titamaliza kupinda. Patebulo timayamba tagonekapo mabotolo a madzi oundana kuti pazizire. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikabwera anthu n'kumadandaula za chisanu ndi kamvula kowaza, ife ndiye timasangalala, chifukwa ufa umamvera ndipo makasitomala amafuna chotentha chomwera tiyi. Magetsi akazima, uvuni siivuta popeza ndi ya gasi, koma firiji ndiyo imatidetsa nkhawa. Timasunga mabotolo oundana ambiri nthawi zonse, ndipo ufa umakagona nawo mu cooler box mpaka magetsi atayaka.

Anzathu ena ophika makeke amatifunsa ngati majarini sangagwire ntchito. Majarini wofewa wopaka pabuledi ayi ndithu, amangosakanikirana ndi ufa. Alipo majarini wolimba wopangidwira mapayi, ndipo kunena zoona amafufumitsa bwino komanso sachita mantha ndi kutentha. Koma amasiya mafuta okakamira kukamwa tati akazizira, ndipo munthu amene anadyapo wa batala amazindikira msanga. Ife tinasankha kukhala pa batala, ngakhale phindu limachepa.

Chisankho chimenechi chinayesedwa mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tchizi wambiri amene timamupeza m'masitolo akuluakulu, Cheddar ndi Gouda, amachokera ku South Africa. Tirigu amene amagayidwa kuno nayenso wambiri ndi wochokera kunja. Mitengo inakwera pafupifupi zonse nthawi imodzi. Tinakhala pansi ndi kope lathu la maakaunti, ndipo mng'ono wanga, amene amasunga ndalama ndipo sachita manyazi pa nkhani ya ndalama, anati titseke kapena tichepetse kukula kwa tati. Bambo anangofunsa kuti, "Kodi anthu amabwerera tchizi kapena anyezi?" Tinasiya tchizi wofatsa amene umafunika kuthira wambiri kuti amveke, n'kuyamba kugula Cheddar wokhwima, amene pang'ono pokha amanunkhira nyumba yonse. Malo otsalawo tinawapatsa anyezi.

Ndimaona kuti anyezi timamupeputsa kuno kwathu. Timamuponya m'mafuta otentha, mphindi ziwiri, tomato pamwamba, basi. Anyezi wa matati amaphikidwa mwina. Timamudula mopyapyala, n'kumuika m'poto wokhuthala pansi ndi batala pang'ono ndi mchere, pamoto wochepa, n'kumavundula mwa apo ndi apo kwa mphindi 40 kapena kupitirira. Amatulutsa madzi, madziwo amauma, ndiye shuga wake wachibadwa amayamba kufiira. Poto wodzaza amatsala pansi pokha, wofiirira ndi wotsekemera popanda kuthira shuga. Kumapeto timadonthezera viniga pang'ono kuti kutsekemerako kusakole. Anyezi ameneyu ayenera kuzizira kaye komanso kukhala wouma asanakhudze ufa, apo ayi pansi pa tati pamanyowa. Timamugula pathumba ku msika wa Limbe, ndipo wina wodziwana naye akamachokera ku Lilongwe timamutuma aime pa Lizulu, poti wa ku Ntcheu ndi Dedza amakhala wouma bwino ndipo sawola msanga. M'chilimwe amatsika mtengo, m'dzinja amakwera, choncho miyezi ya mvula isanafike timaphika wambiri n'kuumitsa mu firiji.

Kuumba tati sikutenga nthawi. Timadula ufa m'timabwalo ta makona anayi, kulemba mzere ndi mpeni mozungulira m'mphepete osaboola, kubaya pakati ndi foloko kuti pasafufume, kuika anyezi ndi tchizi, kupaka dzira m'mphepetemo, n'kulowetsa mu uvuni mphindi 20 mpaka 25.

Makasitomala oyamba ankatembenuza tati uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Nanga nyama ili pati, asisi?" Tinkawapatsa kachidutswa kuti alawe, ndipo ambiri ankagula. Ena mpaka pano amafunabe nyama, ndiye timawauza mwaulemu kuti mapayi a nyama alipo ambiri m'tauni. Popereka katundu timatuma wa kabaza mmodzi yemweyo, amene anazolowera kuti bokosi siligonekedwa chammbali. Timagwiritsa mabokosi a katoni obowola, chifukwa pulasitiki imasunga nthunzi ndipo tati amafika atalefuka. Malipiro ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, theka poika oda, theka polandira. Ngongole tinaikana kuyambira pachiyambi, ngakhale kwa achibale, ndipo azakhali athu ena sanaiwalebe nkhaniyi.

Panopa tayamba kugulitsanso matati osaphika, oumitsa mu firiji, kwa amene ali ndi uvuni kunyumba. Amangowachotsa mu firiji n'kuwalowetsa mu uvuni yotentha kale, osadikira kuti asungunuke, n'kuwonjezera mphindi zisanu pa nthawi yophika. Maoda a matati ophikaphika timalandira kutatsala tsiku limodzi, poti ufa umapindidwa lero n'kugona mu firiji usiku wonse, ndipo mu Disembala timapempha masiku atatu.