Mmene ndinakaonera mbuna ku Likoma sitima ikutsitsa katundu

Zokaona nsomba pansi pa madzi anayambitsa ndi alamu anga, ine ndinalibe nazo ntchito, changa chinali kukwera Ilala kamodzi kokha basi. Munthu wakhala mu Mzuzu muno zaka zonsezi, Nkhata Bay ili pamphuno pomwepa, koma sitima kumangoionera pa Facebook, zochititsa manyazi. Ndiye titagwirizana zoti tikakwerera ku Nkhata Bay mpaka Monkey Bay, alamu akuti "pa Likoma sitima imakhalitsa ikamatsitsa katundu, bwanji tikasambire ndi magalasi aja tione nsomba za mbuna?" Ine amvekere alamu, mukufuna sitima itisiye pachilumba tizikadya usipa sabata yathunthu?

Njira zokaonera nsombazi zilipo ziwiri. Mutha kudzera ku ma loji a pachilumba, iwo amakhala ndi zonse, boti, magalasi, munthu wokuperekezani, koma mitengo yake amaika poganizira alendo akunja ndipo amayamba asamala kaye amene agona pa loji pawo. Njira ina ndi kudzipezera wekha mwini boti. Ife matumba athu anatisankhira okha.

Mnzanga wina wa kuntchito kwawo ndi ku Likoma komweko, ndiye anandipatsa manambala awiri kutatsala masabata awiri kuti tinyamuke. Ndinawalembera pa WhatsApp onse, mafunso ofanana: boti lanu ndi la injini kapena bwato wopalasa, ma life jacket muli nawo angati, magalasi ndi kapaipi kopumira kaja, snorkel, alipo a anthu awiri, nanga kuchoka pomwe timatsikira kukafika pamiyala pomwe pali nsomba ndi mphindi zingati. Woyamba uja anayankha nthawi yomweyo, voice note yaitali, zonse "palibe vuto bwana", koma ndalama akufuna zonse pa Airtel Money tsiku lomwelo, ndipo nditabwereza za life jacket anangoseka nkuti "nyanja ndi yathu iyi, sinamizepo mlendo wanga." Basi pomwepo ndinamutaya. Munthu amene akuseka funso la life jacket musalimbane naye zambiri.

Wachiwiri anali bambo achikulire, anatenga tsiku lathunthu kuti ayankhe, koma anatumiza zithunzi, boti lawo lamatabwa, ma jaketi anayi atayanikidwa pamchenga, magalasi atatu. Iwonso anapempha ndalama yoyambira koma ya mafuta okha, ndipo izi ndinazimvetsa, pachilumba chilichonse chimachita kubwera ndi sitima kapena maboti kuchokera kumtunda, petulo sapezeka ngati mmene timamupezera pa filling station ya mu tawuni muno. Chomwe ndinaumirira nchakuti tilemberane pa meseji, osati pa voice note, zoti nyanja ikakwiya kapena sitima ikapanda kukhalitsa, theka la ndalama ija abweza. Anavomera. Yotsalayo tinagwirizana kuti ndipereka pamanja tikabwerera kumtunda, osati tisanakwere.

Za nyengo musazitenge mopepuka. Kuyambira cha mu June mpaka August kumakhala mwera, mphepo ya kummwera ija, nyanja imachita mafunde ngati yam'mafilimu ndipo eni maboti ambiri sakonda kupita kutali. Ife tinapita mu October, nyanja ili phee, madzi oyera mbee.

Tsiku lake tinakwera Sienta pa depoti, kutsetsereka msewu wokhotakhota uja mpaka Nkhata Bay, majuzi a ku Mzuzu tinawavulira panjira. Sitima tinakwera madzulo. Ilala ndi gogo weniweni, inapangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa nkudzailumikiza kuno, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ife tinagona pa deki pamwamba, mphepo ikuomba, pansi kuli matumba a ufa, malata, makreti a zakumwa, njinga. Usiku tinaima pa Chizumulu, ine ndinangomva phokoso la anthu ndili m'tulo. Pomwe ndimadzuka bwinobwino tili pa Likoma, milambe ili ngundangunda, mapiri a ku Mozambique akuoneka pafupi zedi, pajatu zilumba ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique ngakhale ndi zathu.

Apa ndiye pali nkhani yonse. Ndisanatsike ndinapita kwa mmodzi wa ogwira ntchito m'sitima nkumufunsa, "achimwene, tinyamuka nthawi yanji pano?" Anandiuza ola lake koma nkuonjezera kuti katundu akatha msanga tinyamukanso msanga. Ndiye pa nthawi imene ananenayo ndinachotsapo ola ndi theka, imeneyo ndi imene ndinawauza madala a boti aja ngati nthawi yonyamukira sitima. Inde ndinawanamiza pang'ono, Mulungu andikhululukire. Sitima si minibasi yoti kondakitala amenya chitseko kuti dikirani kaye amayi akubwera apo, ikaliza huta yapita, ndipo amene wadzipezera yekha boti palibe amene akumuwerengera. Zikwama tinasiyira amayi ena amene tinacheza nawo usiku, matikiti, foni ndi ndalama tinakulunga mu jumbo nkutenga.

Madala aja tinawapeza atafika kale ndi mnyamata wawo. Tisanakwere anatiyesa magalasi pamtunda pomwepo: umawaika kumaso osamanga lamba, nkukoka mpweya ndi mphuno, akamatirira okha ndiye kuti ali bwino, akagwa ndiye adzalowa madzi. Anga oyamba anagwa, lamba wake anali atalumikizidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, anandisinthira. Alamu ndiye anavutika tsiku lonse chifukwa cha ndevu za pamlomo zija amazinyadira, madzi amangolowera pamenepo. Kenako akuti tilavulire malovu m'magalasimo, tipake ndi chala nkutsukuluza pang'ono kuti asachite nthunzi. Ndinaona ngati akutiseka, koma zimagwiradi.

Mphindi zochepa chabe tinafika pamiyala ikuluikulu. Ine kusambira ndimadziwa kwa pamtsinje, ndiye jaketi sindinavule ngakhale alamu amandinena kuti ndine wamantha, madzi a nyanja yathu alibe mchere, sakuyandamitsa ngati a ku nyanja zikuluzikulu. Nditangoviika nkhope mtima unagunda kwambiri, thupi limakana zoti ungapume nkhope ili m'madzi, ndinadzuka kawiri ndikutsokomola. Mnyamata uja akuti "ankolo, lumani kapaipiko pang'ono, pumani ndi pakamwa pang'onopang'ono, madzi akalowa uzirani mwamphamvu kamodzi." Ulendo wachitatu zinatheka.

Abale inu. Nsomba zimene timazidziwa ife ndi za pa msika, zouma kapena zokazinga, zonse mtundu umodzi wotuwa. Pansi paja ndi zina. Tinsomba totalika ngati chala, ta buluu wowala ndi mizere yakuda ngati mbidzi, tina tachikasu, tikungopala ndere pamwala ndi timilomo tawo, ukakhala chete umamva ngati kanthu kakuthetheka. Kamodzi kanali ndi kaphanga kake, kalikonse koyandikira kumakathamangitsa, mpaka kanabwera pa galasi langa kudzandiyang'ana ngati ndili nako ngongole. Madala anatiuza kuti dzina loti mbuna ndi la Chitonga, nsomba za m'miyala, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndinaphunzira ku pulayimale, koma ndinali ndisanazione ndi maso.

Nthawi pansi paja imathamanga moipa. Ine ndimaona ngati tangoyamba kumene, mnyamata akugogoda boti kuti takwerani. Takwera, madala akoka chingwe cha injini, zii. Kachiwiri, zii. Kachisanu alamu ayamba kupemphera chamumtima, ine maso ali pa sitima. Madala osatekeseka, anamasula pulagi, kupukuta ndi malaya, kuuzira, kubwezera, injini nkulira. Zinatidyera mphindi ngati makumi awiri, ndipo titangoponda kumtunda huta yoyamba inalira, katundu anali atatha msanga ngati mmene achimwene aja ananenera. Ndinawawerengera madala ndalama yawo yotsala manja akunjenjemera, nkuonjezerapo ya sopo ya mnyamata.

Tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija, chimene a mishoni ya Anglican anayamba kumanga mu 1903, sitinachione, nthawi inali ya chinthu chimodzi basi, ndipo alamu mpaka lero amandidandaulira ngati maganizo osambira anali anga. Mapewa anandiwotcha masiku atatu chifukwa ndinasambira opanda t-shirt, ndimayesa dzuwa limapsereza azungu okha. Titabwerera ku Mzuzu ndinadikira miyezi iwiri nkupita kukayezetsa likodzo, poti aliyense wosamba m'nyanja amalangizidwa kutero, anandipeza ndilibe. Alamu sanapitebe, koma ndevu zija anameta.