Chiseyeye pa kafukufuku: mamilimita angati kuti munthu awerengedwe wodwala?

Munthu akamalavula magazi potsuka mkamwa timati ali ndi chiseyeye. Wina mano akugwedera, nayenso timati chiseyeye. Pa kafukufuku dzina limodzi silikwanira, chifukwa muli matenda awiri. Oyamba ndi gingivitis: nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, koma fupa ndi timinyewa tomangirira dzino zimakhala zili bwinobwino. Achiwiri ndi periodontitis, pomwe zomangirira dzinozo zayamba kudyeka, ndipo zomwe zadyeka sizimeranso zokha.

Za gingivitis zinamveka msanga. Mu 1965 Harald Löe ndi anzake ku Denmark anauza anthu a nkhama zabwino kuti asiye kutsuka mano. Pakati pa masiku 10 ndi 21 onse nkhama zinatupa, ndipo atayambiranso mswachi zinachira pafupifupi m'sabata imodzi. Chovuta ndi periodontitis, ndipo vuto limayambira pa kayezedwe.

Pakati pa dzino ndi nkhama pali kampata. Woyeza amalowetsamo kachitsulo kopyapyala kokhala ndi mizere ya mamilimita, kotchedwa probe. Kampata ka mamilimita 1 mpaka 3 n'kabwinobwino. Kakapitirira apo timakatcha kathumba. Dzino lililonse limayezedwa malo 6, atatu mbali ya tsaya, atatu mbali ya lilime. Ofufuza ambiri amasiya mano anayi otsiriza kumera aja, ndiye mano 28 amapereka malo 168 pa munthu mmodzi.

Pa malo aliwonse pamatuluka manambala awiri, ndipo ophunzira ambiri amawasokoneza. Yoyamba ndi kuya kwa kathumba, kuchokera m'mphepete mwa nkhama mpaka pansi pake. Yachiwiri imatchedwa CAL, imayambira pa mzere pomwe chikuto choyera cha dzino chimathera ndipo muzu umayamba, mpaka pansi pa kathumba. Mphepete mwa nkhama mumasuntha, mzere uwu susuntha. Nkhama yotupa ikhoza kukwera n'kupereka kathumba ka mamilimita 5 pomwe dzino silinataye kanthu. Kwa wina nkhama yafota, muzu uli pamtetete mamilimita 3, kathumba n'kamamilimita 2 okha. Wongoyang'ana kathumba amulemba kuti ali bwino, chonsecho CAL yake ndi 5. Kathumba kamanena za lero, CAL imanena za zonse zomwe zawonongeka kuyambira kale. Kusiyanaku si nkhani ya m'kalasi chabe: Vibeke Baelum ndi anzake atayeza akuluakulu ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, anapeza ambiri atataya zomangirira mano popanda timatumba takuya.

Dzanja la woyeza nalonso limasintha nambala. Mphamvu yoyenera ndi ya magalamu 20 mpaka 25. Bungwe la WHO limaphunzitsa kuti uike nsonga ya probe pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu n'kukanikiza mpaka payere. Kupitirira apo ndiye kubaya. Mu nkhama yotupa kachitsuloko kamalowa mopitirira, litsiro louma ngati mwala limakatsekereza kasanafike pansi, ndipo kakapendekeka pakati pa mano kamaphonya pakuya penipeni. Nkhama za wosuta fodya sizituluka magazi msanga, choncho zimaoneka zabwino kuposa mmene zilili. N'chifukwa chake kafukufuku asanayambe, oyeza amayesa anthu omwewo n'kuona ngati akugwirizana mosapyola milimita imodzi. Lipoti lomwe silinatchule zimenezi muzilikayikira.

Kuyeza malo 168 kumadya nthawi, ndiye anthu anafuna zachidule. Njira ya CPITN ya mu 1982, yomwe pambuyo pake inasanduka CPI, inagawa mkamwa zigawo 6 n'kusankha mano 10 okha. Probe yake ili ndi kampira ka theka la milimita kunsonga ndi lamba wakuda pakati pa 3.5 ndi 5.5, lamba akamira yense, kathumba kafika 6 kapena kuposa. Njirayi n'njachangu, koma inakonzedwa kuti ionetse chithandizo chofunika m'dera, ndipo chigawo chonse chimatenga nambala ya dzino loipitsitsa. Ku America nakonso, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa NHANES kwa zaka zambiri ankayeza theka la mkamwa, malo awiri kapena atatu pa dzino. Atayamba kuyeza mkamwa monse mu 2009, anapeza kuti 47 peresenti ya anthu a zaka 30 kupita m'tsogolo ali ndi periodontitis. Sikuti matenda anabuka chaka chimenecho. Matendawa amagwira apa n'kulumpha apo, ndiye woyeza pang'ono amawadutsa.

Manambala akapezeka, wina ayenera kujambula malire. Tanthauzo la CDC (bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda) ndi AAP (bungwe la madokotala a nkhama a kumeneko), la mu 2007 lokonzedwanso mu 2012, limati matenda ndi aakulu ngati pali malo awiri kapena kuposa a pakati pa mano, pa mano osiyana, okhala ndi CAL ya 6 kupita m'mwamba, komanso kathumba kamodzi ka 5 kapena kuposa. Msonkhano wa ku Chicago wa mu 2017 unabwera ndi zina. Unathetsa kugawa kwa mu 1999 kwa matenda oyenda pang'onopang'ono ndi olusa, n'kuika masiteji anayi: CAL ya 1 mpaka 2 ndi siteji I, ya 3 mpaka 4 ndi II, ya 5 kupita m'mwamba ndi III, ndipo wotaya mano 5 kapena kuposa chifukwa cha matendawa amalowa IV. Liwiro amaliyeza ndi magiredi A, B ndi C (C ndiye wothamanga kwambiri), pogawa peresenti ya fupa lodyeka, monga ikuonekera pa ekisire, ndi zaka za munthu. Wa zaka 30 yemwe wataya 40 peresenti amapeza 1.3, ndiye C. Wa zaka 70 wotaya chimodzimodzi amapeza pafupifupi 0.6, ndiye B. Ndudu 10 patsiku kapena shuga wa HbA1c (muyeso wa shuga wa m'magazi wa miyezi ingapo yapitayi) ya 7.0 peresenti kupita m'mwamba zimamukankhira munthu ku C. Maganizo a liwirowa ali ndi maziko: Löe anatsatira amuna 480 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Sri Lanka kuyambira 1970 mpaka 1985, opanda chithandizo cha mano, ndipo 8 peresenti okha ndiwo anawonongeka mwachangu pomwe 11 peresenti sanapyole gingivitis.

Kuchipatala njira ya mu 2017 n'njothandiza. Pa kafukufuku wa kumudzi imavuta, chifukwa imafuna ekisire komanso kudziwa chomwe chinachotsa dzino lililonse, ndipo CAL ya milimita imodzi n'njofanana ndi kulakwitsa kwa probe yemweyo. Kumene chithandizo chofala ndi kuzula, pamabwera vuto lina: dzino loipitsitsa lija linazulidwa kale, otsalawo amapereka manambala okongola.

Zonsezi zimaonekera poyera pa nkhani ya amayi oyembekezera. Mu 2008 ofufuza a ku Spain anatenga miyeso ya gulu limodzi la amayi n'kuiyesa ndi matanthauzo 14 a periodontitis. Ndi 6 okha omwe anaonetsa mgwirizano ndi mavuto a uchembere. Ku America, kafukufuku wa amayi 823 wofalitsidwa mu 2006 anapeza kuti kupala mano (kuchotsa litsiro louma lija) pa nthawi ya mimba kunachiza nkhama koma sikunachepetse kubereka masiku asanakwane. Pomwe m'zipatala 8 zozungulira Lilongwe, pa amayi opitirira 10,000, kumene ankatafuna chingamu wa xylitol (chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga) ana obadwa masiku asanakwane anali 12.6 peresenti, kumene sankatafuna 16.5. Kuti tinene kuti chingamuyo anathandiza kudzera mu nkhama, manambala awiriwa pawokha sakwanira. Pamafunika kuona mano angati anayezedwa mwa mayi aliyense, malo angati pa dzino, ndi tanthauzo lomwe linagwiritsidwa ntchito.