Bini langa ndi namondwe Éowyn

Madzulo a pa 23 Januwale 2025 foni inangolira mwadzidzidzi ngati ambulansi: chenjezo lofiira, namondwe Éowyn afika mawa kuno ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland. Posakhalitsa agogo a khomo loyandikana nafe anagogoda, jasi ili pamwamba pa zovala zogonera.

"Mwanawe, mabini aja wamanga?"

Ndinaseka chamumtima. Kumanga bini ngati mbuzi?

Kutacha sukulu zinali zotseka, sitima zonse zitaima, ndipo bini langa linali kutsidya kwa msewu, zinyalala zili mbwee. Magetsi atathima agogo aja anabwera ndi tochi ndi fulasiki ya tiyi, ine ndinatulutsa mandasi ogona. Za bini sanatchule n'komwe, ankangosuzumira pawindo n'kumamwetulira.

Chaka chino chingwe ndinagula kale mu Novembala.