Nyali za kathirakitala zinandidyera tsiku lonse

Lero ndinadzuka 4 koloko m'mawa ndi cholinga choti nditchetche udzu wa kumunsi kwa dimba dzuwa lisanakwere, chifukwa aliyense amene amakhala kuno ku Mangochi akudziwa kuti m'mwezi wa Okutobala munthu sungakhale pampando wa thirakitala nthawi ikapitirira 9 koloko. Injini inalira bwinobwino nditangopotokola kiyi, koma nditatembenuza switchi ya nyali zakutsogolo, kunja kunangokhalabe mdima wa bii. Ndinazimitsa injini n'kudikira kuti kuche.

Kutayera, ndinaitana mphwanga amene amandithandiza m'dimbamu ndipo tinayamba ndi zapafupi. Fuzi inali yabwino. Batire linaonetsa mavolti 12.6 pa mita yoyezera magetsi, kusonyeza kuti linali lodzaza. Titatsegula boneti n'kuchotsa mababu, tinapeza kuti la kumanzere linali litada mkati ndipo kawaya kake kanali katadukiratu, pomwe la kumanja linalibe chilema chilichonse. Apa ndinayamba kudabwa, pakuti babu limodzi likapsa, linzake limayenera kuyakabe.

Ndinaika nsonga za mita m'kabowo momwe mumakhala babu, switchi ili yoyatsa, koma mita sinasunthe ngakhale pang'ono. Pomwepo ndinagamula mlandu kuti waya waduka penapake, ndipo tinayamba kumasula tepi yakuda imene imamanga mawaya onse pamodzi kuchokera ku switchi mpaka kutsogolo. Ntchito imeneyi inatitengera maola awiri, thukuta lili kamukamu. Pansi pa thanki ya petulo tinapezadi malo amene makoswe anatafuna chikopa cha waya n'kusiya timizere ta mano awo, komanso makoko a mtedza amene anatutira pamenepo. Mphwanga anasangalala n'kunena kuti, "Amalume, wakuba uja tamugwira." Tsoka ilo, mkuwa wa mkati unali wosaduka, moti titakulunga bwino malowo n'kuyezanso, mita inakhalabe chete.

Cha m'ma 11 koloko ndinaimbira foni bambo wina wachikulire amene wakhala zaka zambiri akukonza injini za maboti a asodzi kumbali ya Malindi. Nditawafotokozera zonse, anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi achimwene, poyezapo injini imalira kapena inali yozimitsa?" Ndinayankha kuti inali yozimitsa, poti ndinkaganiza kuti nyali zimadya moto wa batire ngati mmene zimakhalira pa galimoto. Iwo anaseka pang'ono n'kundiuza kuti timathirakitala tambiri totchetchera udzu ngati kangaka sitinapangidwe choncho. Pansi pa chitsulo cholemera chozungulira chija chimene amakanika amati flywheel pamakhala koilo yotulutsa moto wa mitundu iwiri. Wina umadutsa pa kachipangizo kotchedwa diode n'kusanduka DC, moto woyenda mbali imodzi yokha, kuti uzidzaza batire, pomwe wina umapita ku nyali uli AC, moto womangosinthasintha mbali, osadzera ku batire n'komwe. Choncho injini ikakhala chete, ku nyali sikufika kanthu, ndipo ngakhale ikulira, mita yoikidwa pa DC singakuuze zoona. Kunena mosabisa, ndinachita manyazi, chifukwa kangapo konse ndinaonapo nyalizi zikuwala kwambiri ndikaponda moto n'kuzilala injini ikamayenda pang'onopang'ono, koma sindinadzifunsepo chifukwa chake.

Tinaliza injini, ndinasinthira mita pa AC, nsonga imodzi pa waya wopita ku nyali ndipo inayo pa chitsulo cha injini. Titakweza moto mpaka pamapeto, mita inaonetsa mavolti pafupifupi 14. Moto unkafika ndithu, ndipo mawaya amene tinawavula aja analibe mlandu. Chotsala chinali njira yobwerera, imene amakanika amangoti ethi. Ndinatenga kachidutswa ka waya, mbali imodzi n'kugunditsa pa chitsulo cha kabowo ka babu la kumanja, mbali inayo pa injini, ndipo nthawi yomweyo babulo linayaka.

Titalondola waya wa ethi, tinapeza kuti nyali zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito waya mmodzi, womangidwa ndi kabawuti kakang'ono pa chitsulo cha thirakitala pafupi ndi pamene boneti imapindikira. Kabawutiko kanali kofiira ndi dzimbiri, ndipo kamphete ka mkuwa ka kumapeto kwa waya kanali kobiriwira ngati ndere, moti nditakakhudza ndi sipanala kanangoyoyoka. Sindikudabwa nazo, chifukwa thirakitalayi imagona m'shedi yopanda zitseko, mamita ochepa chabe kuchokera ku mtsinje wa Shire, ndipo chinyezi cha kuno sichisiya chitsulo chili chonse pamtendere. Tinadula mbali yowolayo, tinapala chitsulo ndi sandipepa mpaka chinayamba kunyezimira, tinamanga kamphete katsopano ndi bawuti ina, kenaka n'kupaka girisi pamwamba pake kuti madzi asamalowe.

Madzulo ndinapalasa njinga kupita kutauni, kudutsa pa chipilala cha wotchi chija cha pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kukafuna babu lolowa m'malo mwa lakupsa lija. Mnyamata wa m'sitolo ya zipangizo za galimoto analimbikira kuti ndigule la LED, ati limawala kwambiri ndipo silidya moto. Ndinakana mwaulemu, chifukwa mababu ambiri a LED anapangidwira moto wa DC, ndipo pa AC yosinthasintha ndi liwiro la injini amatha kuphethira kapena kufa msanga. Ndinagula babu wamba la mavolti 12 lokhala ndi kawaya kamodzi mkati, ndipo ndinaonjezera lina losungira.

Kutada tinakayesa. Nyali zonse ziwiri zinayaka mofiirira injini ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo nditakweza moto zinawala mpaka pa mitengo ya mango ya kumalire a dimba. Mphwanga wamanganso mawaya onse ndi tepi yatsopano ndipo watchera misampha iwiri ya makoswe pansi pa thanki. Udzu uja udakalipo, ndiye mawa ndidzukanso 4 koloko.