Ntchito anatisiyira, siginecha anapita nayo

Pamene mliri wa Covid-19 unafika, ine ndinali mlangizi m'bungwe lina lachifundo lomwe limagwira ntchito m'midzi ya kuno ku Dedza, koma likulu lake lili ku Ulaya. Boma litalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi, sukulu zinatsekedwa pa 23, ndipo pasanapite nthawi akuluakulu athu achizungu anali atakwera ndege kubwerera kwawo. Sindiwaimba mlandu pa zimenezo, pakuti ngakhale Peace Corps, bungwe la boma la Amerika lotumiza anthu ongodzipereka kunja, inachotsa anthu ake m'maiko onse mwezi womwewo, ndipo aliyense amafuna kudwalira pafupi ndi abale ake. Chimene chinandiwawa n'chakuti ntchito yonse anatisiyira ife, koma mphamvu yovomereza ndalama inakwera nawo ndege.

M'bindikiro wa masiku 21 womwe unayenera kuyamba pa 18 Epulo sunachitike, chifukwa bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linakatenga chiletso ku khoti lalikulu, ndipo mavenda anali atakwiya kale ponena kuti njala iwapha matenda asanawapeze. Komabe mabungwe ambiri anadziika okha pam'bindikiro, ndipo ogwira ntchito ku Lilongwe anauzidwa kuti azigwirira kunyumba. Ife a m'maboma ndiye tinkayendabe, chifukwa ndowa ndi sopo sizifika pamjigo kudzera pa intaneti. Ndinapempha ndowa zokhala ndi mpope zoti tiike pamisika ya mbali ya Bembeke, kumene ogula mbatata ya kachewere ndi kabichi amasonkhana kuchokera kutali, ndipo pempholo linadikira milungu isanu kuti munthu amene anali asanaonepo msikawo alisainire. Ndalama zomwe zinkafunika zinali zochepa kuposa lendi ya mwezi umodzi ya nyumba yomwe bwanayo anasiya yotseka ku Lilongwe.

George Floyd, munthu wakuda, ataphedwa ndi wapolisi wachizungu ku Minneapolis m'dziko la Amerika pa 25 Meyi chaka chomwecho, likulu lathu linaitanitsa msonkhano wa pa Zoom woti tikambirane za tsankho la mtundu. Ndinaumvera nditaima pamwala kuseri kwa ofesi, m'chisanu cha Juni chomwe aliyense wodziwa Dedza akuchidziwa, popeza ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira. Anzathu akunja analankhula mokhudzika, ena mpaka misozi, ndipo ndikukhulupirira kuti sankanamizira. Koma mnzanga wowerengera ndalama atafunsa chifukwa chimene Mmalawi ndi mzungu a maphunziro ofanana amalandira malipiro osiyana kutali, komanso chifukwa chimene inshuwalansi ya wina imamutengera kuchipatala cha kunja pamene winayo amakaima pamzere kuchipatala cha boma, anamuyankha kuti nkhaniyo ndi yofunika ndipo aiona. Lonjezo lotere si lachilendo. Pamsonkhano wa ku Istanbul m'dziko la Turkey mu 2016, opereka thandizo akuluakulu anagwirizana kuti pofika 2020 gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zothandizira pangozi lizipita kwa mabungwe a m'maiko okhudzidwawo, koma chakacho chinakwana lonjezolo lili kutali kwambiri.

Ndikanakonda kuti nkhaniyi ithere pa azungu, chifukwa potero ine ndikanatuluka woyera. Koma kusiyanaku kuli ngati makwerero, ndipo nanenso ndinali nditaponda wina. Pansi panga panali anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo amayi, amene ankayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa kusamba m'manja popanda malipiro, kupatula tisheti ndi kabotolo ka sanitaiza. Ine ndinkalandira alawansi tsiku lililonse limene ndapita kumudzi kwawo, pamene iwo ankabwerera kunyumba kukayamba kufuna ndiwo. Ngakhale thandizo la K35,000 pamwezi lomwe boma linalengeza linali la mabanja a m'mizinda, osati la iwo.

Mauthenga athunso anasiya ena panja. Tinkadalira wailesi, zimkuzamawu ndi WhatsApp, osaganizira munthu wosamva kapena gogo wopanda foni. Bambo wina wosoka nsapato, amene samva ndipo amadalira kuona milomo ya womulankhula, anandikoka malaya tsiku lina n'kuloza masiki yanga, kenako khutu lake, n'kupukusa mutu. Ndinali nditalankhula theka la ola pamaso pake za kufunika koti aliyense atengepo mbali.

Mabwana atabwerera, lipoti la chaka linayamikira kulimba mtima kwa ogwira ntchito a m'dziko muno, koma masiginecha anabwerera pamalo ake akale, ndipo tinapatsidwa fomu yoti tilembe maganizo athu pa nkhani yosasiya wina m'mbuyo. Fomuyo inali m'Chingerezi chokha. Ndinapita nayo kwa mayi mmodzi mwa ongodzipereka aja kuti ndiwamasulire, ndipo atamva mafunso onse anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, “Alangizi, lembani kuti nsapato zanga zinathera pantchito yanuyi.” Ndinafufuza pafomupo malo olembapo zimenezo koma sindinawapeze, choncho ndinazilemba m'mphepete mwa pepalalo.